Kudikira Mwinimbumba

Mukafika kwa Kapichi n'kufunsa kuti kwa Teleza n'kuti, anthu adzayamba akuyang'anani kaye, chifukwa a Teleza kumeneko alipo mbwee ngati nandolo. Koma mukati mukufuna Teleza wa nkhunda, aliyense adzakulozerani ndi mlomo nyumba ya njerwa zosawotcha ili kumapeto kwa mudzi, pamene minda ya chinangwa imathera, tiyi wa esiteti n'kuyambira. Nkhundazo si zake, ndi za amuna ake a Fabiano. Koma mudzi ukafuna kukupatsa dzina sukufunsa.

Teleza anabadwira pamalo omwewo. Agogo ake anachokera ku Mozambique wapansi, mphasa pamutu, kudzafuna ntchito ya tiyi. Amayi ake anatchola tiyi mpaka msana unapindika, ndipo iye naye atangosiya sukulu anapatsidwa dengu. Zala zake mukaziona lero mudzadziwa ntchito yake osauzidwa: zakuda kunsonga, zong'alukang'aluka, koma zachangu moti pa sikelo dengu lake silinkachititsa manyazi. Kapitawo sankalimbana naye. Anali munthu wosakweza mawu, wosayankha, ndipo chilema chake chinali chimodzi basi: sankachita kanthu asanafunse. Anamulera choncho. Amayi ake ankati mkazi wodzigamulira yekha amaitana milandu, ndipo mwanayo anamva kwambiri, mwina kupitirira muyeso. Anzake ankamuseka kuti ngakhale nkhuku yake yomwe sangaiphe asanakagogode kwa ankhoswe.

A Fabiano anali a kwa Changata. Ntchito yawo inali yodula mitengo ya bulugamu m'nkhalango za esiteti, nkhuni zimene zimasonkhezera moto woumitsira tiyi ku fakitale. Anali munthu wamtali, wa nthabwala, wokonda kuimba mluzu. Tsiku limene anabwera kudzakhala chikamwini kwa Teleza, anthu anagwa nako kuseka. Amuna ena amabwera ndi njinga, ena wailesi, koma awa anabwera ndi katoni yoboolaboola, m'kati muli nkhunda ziwiri. Apongozi awo anafunsa ngati imeneyo inali ndiwo ya madzulo. A Fabiano anayankha mwaulemu kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, ndiye azibweretsa kuti zizikhala mboni.

Ndipo zinakhaladi. Ziwiri zija zinaswana mpaka khola linakuzidwa kawiri. Madzulo akaweruka, a Fabiano ankaima pabwalo ndi gaga m'mbale, kuyang'ana kumwamba. Maso a munthu ameneyo, abale, ankaona ngati si a munthu. Kabawi akadali kadontho pamwamba pa phiri, iwo amuona kale, ayamba kuimba mluzu woitana ziweto zawo. Nkhunda zikamazungulira m'mwamba ankadziwa kuti yasowa ndi iti, yamawanga kapena yoyera yotsimphina ija. Teleza ankangopukusa mutu, n'kunena kuti munthu mmodzi yemweyo amalephera kuona kuti mchere watha m'nyumba.

Kuno kwathu ukwati uli ndi malire ake, ndipo amene sawadziwa sangamvetse zimene zinamuchitikira Teleza. Mwamuna akabwera chikamwini, thukuta lake ndi la kuchikazi. Amamanga nyumba, amalima, amabereka ana amene amakhala a mbumba ya mkazi. Koma mutu wake ndi mafupa ake ndi za kwawo. Akadwala kwambiri, wogamula ndi mwinimbumba wake, malume wake. Akamwalira, maliro amapita kwawo, ndipo mkazi amakafotokoza pamaso pa anthu mmene zinayendera. Mwinimbumba wa a Fabiano anali a Samsoni, nkhalamba yaifupi imene Teleza ankaiopa ngakhale inali isanamukalipirepo n'kamodzi komwe.

Pamene Teleza anali ndi pakati pa mwana wawo womaliza, Lisa, kusikelo anamupeza ndi kachilombo ka HIV. A Fabiano sanathawe ngati mmene amachitira ena. Anapita okha kukayezetsa, nawonso anawapeza nako, ndipo onse awiri anayamba kumwa mankhwala. Mwana anabadwa wopanda kachilombo. Kwa zaka zingapo zinthu zinayenda bwino, mabotolo awiri ali pambali pa mphasa, wina akaiwala mnzake amamukumbutsa.

Chimene chinawononga ndi manyazi. A Fabiano ankalandirira mankhwala awo ku kachipatala ka pa esiteti, ndipo tsiku lolandira linkadziwika ndi aliyense. Ukangopempha chilolezo tsiku limenelo, anzako m'nkhalango amatsinzinirana. Wina amafunsa mokweza ngati ukupita kukathira mayunitsi. Munthu wa nthabwala ndiye amamva kuwawa kwambiri akasekedwa. Anayamba kudumphitsa, kenako anasiyiratu. Teleza anazindikira chifukwa botolo lawo linali litasiya kulira m'mawa. Anafunsa kamodzi.

"Bambo a Lisa, mankhwala aja mukumwa?"

"Ukundiona ngati wodwala ine? Ndikugwetsa mitengo imene anyamata akuithawa."

Teleza anasiyira pomwepo. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma kunena zoona a Fabiano ankaonekadi athanzi, ndipo thanzilo linawanamiza kwa nthawi yaitali.

Mutu unayamba nyengo ya chiperoni, kunja kuli nkhungu yoti sungaone mnzako patsidya pa mzere wa tiyi. Poyamba anati ndi zipika zimene amasenza. Anamwa panado wa pa okala. Mutu sunamve. Anawatema mphini m'mbali mwa maso, anawapaka mankhwala akuda, koma mutu unangokulirakulira. Anayamba kusanza chilichonse, khosi linauma, ndipo dzuwa likatuluka ankadziphimba ndi bulangete. Tsiku lina madzulo anadzikakamiza kutuluka ndi mbale ya gaga, naima pabwalo nthawi yaitali, kenako anaitana mkazi wawo.

"Mayi a Lisa, zoyera zija zakhala ziwiri liti?"

Teleza anayang'ana padenga. Nkhunda yoyera inalipo imodzi.

M'mawa mwake a Fabiano sanamuzindikire. Ankalankhula Chilomwe chokhachokha, kuitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Anansi anathandiza kuwakweza pa njinga yamoto, wina kumbuyo akuwagwirizira, mpaka kuchipatala chachikulu. Teleza anatsatira ndi mphika, mbale, ufa ndi chitenje chogonera, monga amachitira gadiyani aliyense.

Kuchipatala anawatenga magazi, ndipo pasanathe nthawi namwino wina dzina lake Angella anamuitanira Teleza pambali. Anali mayi wonenepa, wolankhula pang'onopang'ono, nayenso mwana wa m'tiyi momwemo. Anamufunsa ngati amadziwa chuku, chija chimamera pa nsima yogona kapena pa chimanga chosungidwa ponyowa. Teleza anati amachidziwa. Angella anafotokoza kuti pali tizilombo tina ta mtundu womwewo, kuchipatala amati fangasi, tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'dothi, m'zitosi za mbalame ndi m'mphako za mitengo. Anthu ambiri amatipuma ndi mpweya, ndipo thupi lamphamvu limatigonjetsa munthu osadziwa n'komwe. Koma chitetezo cha m'thupi chikatsika, monga chinatsikira kwa a Fabiano atasiya mankhwala, timayenda ndi magazi mpaka kukakhala m'madzi amene amazungulira ubongo.

"Mankhwala alipo, ndipo tiwayamba lero lomwe," anatero Angella. "Koma mankhwala okha sakwanira. Madzi aja achuluka m'mutu, akusowa potulukira, ndiye akufinya ubongo ndi mitsempha ya maso. N'chifukwa chake akuona zinthu ziwiriziwiri. Tikufuna tiwabaye kasingano pamsana, tichepetseko madziwo. Eni ake sangayankhe mmene alilimu. Oyankha ndinu."

Teleza anadzidzimuka. Madzi a pamsana! Kwa Kapichi palibe amene sadziwa mawu amenewo. Amati munthu akamuchotsa madzi a pamsana, kwatsala n'kukagula nsalu. Ndipo iye sankangomva za m'maluwa. Mnzake Violet, amene ankatchola naye mzere umodzi, analola kuti amuna ake awachotse madziwo, ndipo anamwalira mawa lake. Pamaliro abale a mwamuna anamukhazika pakati, namufunsa kuti anamutuma ndani kusainira mwana wa eni. Sanamumenye ayi, koma mpaka lero akamadutsa pamsika pa Masambanjati alamu ake amalavula malovu. Teleza analipo tsiku limenelo, anaona Violet akukwawa m'fumbi kupepesa.

"Amayi, ine sindingathe," anatero Teleza. "Awa ali ndi eni ake."

"Mwini wake ndinu, mumagona nawo nyumba imodzi."

"Ayi, ine ndine mkazi chabe."

Atamva za Violet kwa Teleza, Angella anapuma mozama. Anati nkhani ya Violet aimva kambirimbiri, mayina okha ndiwo amasintha. Anthu amabwera ndi wodwala mochedwa, matenda atamudya kale, ndiye akamwalira amaloza singano poti ndiyo anaiona komaliza. Anati singanoyo sipha, chimene chimapha ndi madziwo akasiyidwa, ndipo asanaphe amayamba azimitsa maso. Teleza anamva zonsezo ndipo mumtima anavomereza kuti mayiyo sakunama. Koma anapempha kuti ayambe waimba foni.

Anaimbira a Fainess, mlongo wa a Fabiano. Atangomva za pamsana, a Fainess anayamba kulira pa foni pomwepo ngati maliro achitika kale.

"Alamu, musayerekeze. Ine ndine mwana, sindingayankhe nkhani yotere. Dikirani amalume."

"Nanga amalumewo ali kuti?"

"Anawoloka, ali ku munda wawo wa ku Mozambique, akukolola. Foni kumeneko sigwira. Tituma munthu."

Choncho Teleza anadikira. Diripi yachikasu inayamba kulowa m'mkono mwa a Fabiano, mapiritsi ankawamwetsa, koma mutu sunaleke. Munthu wamkulu, wogwetsa mitengo, ankalira ngati mwana, akumenyetsa mutu pa chitsulo cha bedi. Teleza ankawagwira mapewa, kuwapukuta masanzi, kunyowetsa chitenje n'kuwaika pachipumi. A Fainess anafika tsiku lotsatira ndi nthochi zimene wodwala sakanatha kudya, nakhala pansi pafupi ndi bedi, maso ali pa mlamu wawo ngati mlonda. M'mawa uliwonse Angella ankabwera ndi dokotala, kuwalitsa tochi m'maso mwa a Fabiano, kenako kutembenukira kwa Teleza.

"Mwaganiza bwanji, mayi?"

"Amalume sanafike."

A Fainess ankawonjezera kuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwo ndi woona, palibe angautsutse. Koma miyambi ina inapangidwira pabwalo la milandu, pamene nkhani ikhoza kugona mpaka mawa osawonongeka. Madzi a m'mutu mwa a Fabiano sankadziwa kuti a Samsoni ali kutali.

Amene anatumidwa uja anabwerako n'kunena kuti nkhalamba sanaipeze, yapita kumaliro mudzi wina, wasiya uthenga. Teleza ankati akamva phazi pakhomo la wodi amadzuka, akaona chipewa cha munthu wachikulire pawindo mtima umagunda. Kukhitchini ya magadiyani amayi anzake anagawikana. Ena ankati lolani, wanga anamuchotsa ndipo akudya. Ena ankati mwana wa eni sasainiridwa, mudzalira nokha. Iye ankangotakasa phala. Zimandipweteka kunena, koma Teleza ankadziwa chimene chinali choyenera. Chimene analibe ndi chizolowezi chochita chinthu popanda womuuza kuti chita.

Tsiku limene zinasintha kunali kotentha, chiperoni chitachoka. Anali masana, dzuwa likulowa pawindo n'kugwera pabedi penipeni. A Fabiano, amene masiku onsewo ankabisa nkhope kuthawa kuwala, anagona chagada maso ali tong'o, dzuwa lili pankhope, osaphethira. Nzeru zinawabwerera pang'ono. Anafufuza ndi dzanja mpaka anagwira mkono wa mkazi wawo.

"Mayi a Lisa, ndi inu?"

"Ndine."

"Kwada msanga lero. Nkhunda mwazitsekera?"

Teleza anayendetsa dzanja patsogolo pa maso awo. Maso aja sanatsatire. Sanalire, sanayang'ane n'komwe kwa a Fainess. Anaimirira, namanga chitenje, napita kukamupeza Angella. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anati abweretse pepala lovomerezera, ndipo anadinda chala chake chakuda ndi tiyi chija. A Fainess anamutsatira mpaka pakhomo akunong'ona kuti alamu, mlandu uwu ndi wanu nokha. Teleza anati wamva.

A Fabiano anawagoneka cham'mbali, mawondo atapinda. Teleza anawagwira mutu ndipo anaona ndi maso ake madzi oyera ngati a pampopi akutuluka mothamanga mu kasingano. Sizinatenge nthawi. Dzuwa lisanalowe a Fabiano anagona tulo, tulo teniteni, koyamba chibwerereni. M'mawa mwake anapempha phala. Anawachotsanso madziwo kangapo masiku otsatira, ndipo nthawi iliyonse mutu unkapepuka. Anayamba kukhala tsonga, kuzindikira mawu a anthu, mpaka kuseka kuti phala la kuchipatala likufanana ndi madzi otsukira mbale. Moyo unabwerera. Koma dokotala atawalitsanso tochi yake anauza Teleza kuti mitsempha ya maso inafinyika nthawi yaitali kwambiri, ndipo yotero sidzukanso.

A Samsoni anafika zonsezi zitachitika. Analowa mu wodi ndi nsapato zapulasitiki zodzaza fumbi, kathumba ka mbatata m'manja, atayenda ulendo wautali moti milomo inali itauma. Anakhala pambali pa mwana wa mlongo wawoyo, namugwira dzanja, namuitana dzina lake la ubwana. Kenako anatuluka panja ndi amayi awiriwo. Teleza anagwada pa simenti. Anali atakonzeka. Anafotokoza zonse osabisa: zimene madokotala anapempha tsiku loyamba, mmene anadikirira, ndi mmene pomaliza anadindira chala popanda chilolezo. Anati ngati walakwa, alandira chilichonse.

Nkhalamba ija inamuyang'ana modabwa, osati mokwiya.

"Apongozi, mukuti ananena tsiku loyamba lomwe?"

"Eya."

"Nanga inu mumadikira chiyani? Ine za chipatala ndizidziwira kuti? Ndikanakhala pano ndikanangoti madokotala achite zimene akudziwa. Mesa munabwera naye kuti amuthandize?"

Ananena mofatsa, ngati munthu wofunsa njira. Akanamutukwana bwenzi zili bwino. Akanamuitanira mlandu bwenzi ali ndi poimira, akanati ndinaopa chinthu chenicheni. Koma chimene anachiopa masiku onse aja, chimene anapereka nacho maso a amuna ake, chinali kankhalamba kotopa konyamula mbatata. A Fainess anayang'ana pansi. Teleza anadzuka, napita kuseri kwa khitchini ya magadiyani kumene amataya phulusa, ndipo kumeneko analira mpaka mawu anatha.

Mwinimbumba sabwerera osagamula kanthu. A Samsoni atamva kwa a Fainess kuti tizilomboto timapezekanso m'zitosi za mbalame, anapeza pogwira. Analamula kuti nkhunda zonse zichoke pakhomopo, khola liphwasulidwe. Atatero anasiya mbatata zija nabwerera kwawo.

A Fabiano anatuluka m'chipatala atagwira phewa la mkazi wawo. Anapatsidwa mapiritsi omwa kwa nthawi yaitali kuti chuku chija chisadzukenso, ndipo patapita masabata anayambiranso mankhwala awo akale aja. Tsopano sankadumphitsa. Manyazi anali atapita pamodzi ndi ntchito. Atangofika pabwalo tsiku loyamba anaima, napendeketsa mutu. Nkhunda zinali kulira padenga. Anaimba mluzu wawo uja, ndipo zinatsika zonse, mapiko phaphapha, kuzungulira mapazi awo. Munthuyo anamwetulira koyamba chichokereni kuchipatala, misozi ikutsika m'maso osaona aja. Teleza anali asanawauze za lamulo la amalume.

Pa ulendo wina wokatenga mankhwala, Teleza anamufunsa Angella ngati nkhunda ndizo zinadwalitsa amuna ake. Angella anati madzi aja anatumizako ena kwa anthu ofufuza mumzinda, poti tizilomboto si ta mtundu umodzi. Anamukumbutsa za tiyi: wodutsa pamsewu amaona munda wobiriwira basi, koma a ku nazale amadziwa kuti uwu ndi mtundu wina, uwo ndi wina, wina umapirira chilala, wina umaphukira msanga. Fangasi nayenso ali ndi mafuko ake. Wina amapezeka kwambiri m'zitosi za mbalame, wina m'mitengo yakale yobooka. Amene anapezeka mwa a Fabiano anali wa mtundu wokonda mitengo.

"Ndiye ndi bulugamu?" anafunsa Teleza.

"Sindinganene motsimikiza. Mwina anaupuma zaka zambiri zapitazo, unangogona m'thupi kudikira kuti chitetezo chitsike. Palibe angaloze mtengo wake kapena tsiku lake. Nkhunda ndi zanu. Mukazisunga, khola likhale patali ndi nyumba, iwo asamasesemo, ndipo inu posesa muziwaza madzi kaye, mutamanga nsalu pamphuno. Chachikulu musasiye mankhwala, nonse awiri."

Loweruka lina a Fainess anabwera ndi munthu wa njinga, kumbuyo atamangirira chiteretere chachikulu. Anati wabwera kudzatenga nkhunda monga analamulira amalume, akazigulitse ku Masambanjati. A Fabiano anali pakhonde ndipo anamva zonse. Anangoika pansi mbale ya gaga imene inali pamiyendo pawo. Teleza anali akusenda chinangwa. Anapukuta manja pa chitenje.

"Alamu, nkhunda sizichoka."

"Amalume anagamula."

"Ndinamva. Koma sizichoka. Khola ndilisuntha ndekha, ndilipititsa uko ku mtengo wa peyala."

"Mwafunsa ndani?"

"Sindinafunse munthu."

A Fainess anayang'ana mlamu wawo, anayang'ana mlongo wawo, kenako anauza wa njinga uja kuti azipita. Mlandu sunabwere. A Samsoni atamva anangoti eni nyumba ndiwo adziwa. Mawu amene Teleza analankhula tsiku limenelo anali ochepa ndiponso osavuta, ndipo chimene chimamudya n'chakuti anali nawo m'kamwa nthawi yonseyi, ngakhale tsiku loyamba lija kuchipatala.

Lero Teleza akutcholabe tiyi. Amadzuka kukadali mdima, amawatenthetsera madzi amuna ake, amawaikira mapiritsi m'dzanja, amameza ake, n'kutenga dengu. Anamanga chingwe kuchoka pakhonde kukafika kuchimbudzi, china kukafika pa mpando umene uli chapatali ndi khola. A Fabiano aphunzira kuluka madengu ndi manja okha, ndipo otchola anzake a Teleza amagula. Amene ankawaseka m'nkhalango aja ena amabwera kudzacheza, amakhala pang'ono, nkhani n'kuwathera.

Za kudikira kuja a Fabiano anauzidwa, pakuti m'mudzi simubisika kanthu. Teleza ankayembekezera tsiku limene adzamufunse. Ankati akakwiya ndi chinthu china, mwina akapunthwa pa mtondo, mawuwo atuluka. Sanatuluke. Mpaka madzulo ena, iye atangoweruka, atakhala pansi pafupi ndi mpando wawo kuchotsa matope kumapazi, a Fabiano anayamba okha.

"Mayi a Lisa, ndimakumvani usiku mukamatembenukatembenuka. Lekani kudzizunza. Mukanalola tsiku loyamba lija, ine n'kufa, a kwathu akanakudyani wamoyo. Ndimawadziwa. Munachita bwino kudikira."

Mumtima mwake Teleza ankati ayi, sanachite bwino. Akanakonda akanamukalipira. Chifundo chimenecho chinamulemera kuposa dengu lonyowa ndi mvula, ndipo analibe poti alitule.

Nthawi yomweyo nkhunda zinayamba kubwerera. A Fabiano anamva mapiko, naimba mluzu, nawaza gaga patsogolo pawo. Kenako anakweza nkhope kumwamba monga ankachitira kale, kumene dzuwa linali kulowera kuseri kwa mitengo ya bulugamu.

"Tandionerani. Yoyera yotsimphina ija yabwera?"

Teleza anayang'ana kumwamba. Misozi inali itadzaza m'maso moti sankaona nkhunda, kapena denga, kapena mtengo wa peyala. Anapukuta ndi nsonga ya chitenje, ina n'kubweranso. A Fabiano anali chidikirire, nkhope ili m'mwamba.

"Yabwera," anatero Teleza.